Makolo asamale ndi magemu ochokera kunja

M'matauni ambiri, pafupi ndi msika sipalephera kupezeka kachipinda komwe anyamata amaunjikana pa TV, kulipira kandalama kuti asewere gemu ya mpira pa PlayStation. Makina ambiri otere ndi akaunjika, ndipo ena amabwera ndi abale ochokera ku South Africa kapena ku Britain. Chomwe ogula ambiri sadziwa n'chakuti makampani opanga magemu akhala akugawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimalandira katundu wakewake.

Kusiyanaku kumayambira pa dzina. Gemu ya mpira ya kampani ya Konami inkatchedwa Winning Eleven ku Japan, pomwe ku Ulaya idayamba kugulitsidwa ngati Pro Evolution Soccer mu 2001. Mayina awiriwa adatha mu 2021 pomwe kampaniyo idasankha dzina limodzi loti eFootball. Gemu yoopsa ya Resident Evil, yomwe idatuluka mu 1996, kwawo ku Japan imatchedwa Biohazard. Final Fantasy yachinayi ya ku Japan idafika ku America mu 1991 italembedwa kuti ndi yachiwiri, chifukwa yachiwiri ndi yachitatu yeniyeni zidali zisadagulitsidwe kumeneko. Munthu wongoyang'ana chikuto angathe kulipira kawiri chinthu chimodzi.

Zam'kati nazo zimasinthidwa. Super Mario Bros. 2 ya ku Japan ya mu 1986 idaonedwa kuti njovuta kwa osewera a ku America, choncho mu 1988 kampani ya Nintendo idawatumizira gemu ina yomwe idangoivekapo dzina la Mario. Apa zikuonekeratu kuti makampaniwa amayamba aphunzira anthu a dera lomwe akufuna kudyapo ndalama. Mabanja a kuno kaŵirikaŵiri amangolandira zomwe zidakonzedwera anthu ena.

Vuto lina lili pa makina. PlayStation 2 idapangidwa moti chimbale cha chigawo china chimakana kugwira ntchito pa makina a chigawo china. Chimbale cha ku America kapena ku Japan, cholembedwa NTSC, sichiwerengeka pa makina a ku Ulaya olembedwa PAL. Magetsi nawo ngosiyana: ku Japan ndi mavoti 100, ku America 120, pomwe ku Malawi ndi 230. Makina ena akale a kumayiko awiriwa amapsa akangolumikizidwa kukhoma popanda thiransifoma. Makina atsopano monga PlayStation 4, PlayStation 5 ndi Nintendo Switch amalandira magemu a chigawo chilichonse, komabe zowonjezera zogula pa intaneti pa PlayStation zimafuna akaunti ya chigawo chomwe chimbale chidachokera.

Koma nkhani yaikulu ndi ya ana. Chigawo chilichonse chili ndi zizindikiro zake zonena msinkhu woyenera gemu. Ku America bungwe la ESRB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1994 anthu atadandaula ndi magazi a mu Mortal Kombat, limalemba zilembo: E ndi ya aliyense, pomwe M ndi ya zaka 17 kupita m'tsogolo. Ku Ulaya, PEGI yakhala ikulemba manambala kuyambira mu 2003: 3, 7, 12, 16 ndi 18. Ku Japan, chilembo Z chimatanthauza zaka 18 kupita m'tsogolo. Grand Theft Auto V ya mu 2013, yodzaza ndi kuwomberana ndi kuba magalimoto, ili ndi M ku America, 18 ku Ulaya ndi Z ku Japan. Kholo lomwe lingazindikire nambala 18 likhoza kupusitsidwa ndi chilembo M, n'kusiyira mwana wa sitandade 5 gemu ya akuluakulu. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho makolo asatulutse ndalama asadaone makina ndi chimbale zikugwira ntchito pamaso pawo. Awerenge za magetsi kumbuyo kwa makinawo, ndiponso ayang'ane chizindikiro cha msinkhu pakona ya chikuto. Ogulitsa azinena chilungamo za komwe katundu wawo adachokera. Eni ake a zipinda zamagemu nawo asiye chizolowezi choika gemu iliyonse pamaso pa mwana aliyense amene wabwera ndi ndalama. Zizindikirozi zidalembedwera makolo a kunja, koma ana omwe akusewera magemuwa ndi a kuno.