Mtsempha wobisika womwe udzayese chipatala cha khansa ku Lilongwe

Wodwala akachitidwa opaleshoni ya m'chifuwa, madotolo amasiya kapaipi pakati pa nthiti kuti kazitulutsa madzi. Nthawi zina wodwalayo akangoyambiranso kudya, m'kapaipimo mumayamba kutuluka madzi oyera ngati mkaka. Apo dotolo amadziwa kuti mtsempha wotchedwa thoracic duct wabooka.

Mtsemphawu sunyamula magazi. Umayambira m'mimba, n'kukwera motsamira fupa la msana pafupi ndi mmero, kukathira mumtsempha wa magazi m'munsi mwa khosi chakumanzere. Mumadutsa mafuta a m'chakudya, mapuloteni ndi maselo oteteza thupi, ndipo pa tsiku mutha kuyenda malita awiri kapena kuposerapo. Ukabooka, munthu amawonda ngakhale akudya, mapapo amapanikizika, matenda ena n'kumulowa mosavuta.

Nkhaniyi si yakutali ndi Malawi. Dziko lino lili m'gulu la maiko omwe khansa ya kummero yafala kwambiri padziko lonse. Ambiri amafika kuchipatala matenda atakula, moti ku Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre, chithandizo chodziwika ndi choika kapaipi kawaya pammero kuti wodwala azimezako phala. Koma cholinga cha chipatala cha khansa chomwe boma lamanga ku Kamuzu Central ndi choti odwala azipezeka msanga ndi kuchira. Zikatero, maopaleshoni ochotsa mmero adzachuluka, ndipo ndi omwewo amene amavulaza mtsemphawu kawirikawiri. Khansa ya lymphoma, TB ndi ngozi zapamsewu nazonso zimaubowola.

Njira zakale n'zowawa. Wodwala amamuletsa chakudya chamafuta, kapena kumudyetsa kudzera m'mitsempha, zomwe n'zodula zedi. Zikakanika, amamung'ambanso chifuwa kuti amange mtsemphawo, pomwe thupi lafooka kale.

Njira ina idayamba m'chaka cha 1998 ndi dotolo Constantin Cope wa ku University of Pennsylvania ku America. Masiku ano dotolo amabaya singano pamphechepeche, pomwe pamatupa mwanabele, n'kulowetsa mafuta otchedwa Lipiodol omwe amaoneka pa X-ray. Mafutawo amakwera pang'onopang'ono mpaka kuonetsa pomwe pakudontha. Kenako amalowetsa singano yaitali pamimba, n'kutseka mtsemphawo ndi tiwaya ndi guluu wapadera. Nthawi zina Lipiodol yekhayo amatseka bowolo. Wodwala amatsala ndi zipsera za singano basi.

Luso lotere, lotchedwa interventional radiology, silifuna nyumba yatsopano ayi; limafuna makina a X-ray oonetsa zithunzi zoyenda, ultrasound, ndi dzanja lophunzitsidwa bwino. Tanzania yaonetsa kuti n'zotheka. Kuyambira m'chaka cha 2018, chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chakhala chikuphunzitsa madotolo lusoli mogwirizana ndi sukulu zaukachenjede za Yale ndi Emory, aphunzitsi akubwera mosinthana m'malo motumiza ophunzira kunja.

Ku Capital Hill, unduna wa zaumoyo udazolowera kutumiza odwala ku India. Koma munthu amene akutaya lita imodzi tsiku ndi tsiku sangadikire dzina lake pamndandanda, ndipo sangakwere ndege mosavuta ali ndi paipi pachifuwa. Kuphunzitsa dotolo mmodzi kumatenga zaka, choncho ganizo likufunika tsopano. Ndipo akadzamaliza maphunzirowo, Lipiodol, guluu ndi tiwayato zidzayenera kukhala pamndandanda wa zomwe Central Medical Stores Trust imagula, ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa kale.