PA MLATHO WA DIAMPHWE: Agiriki analemba zawo, ife tikudikira yani?

Sabata yatha ndinali ku chiliza cha kwa amalume kufupi ndi Mitundu. Gule atatuluka, mnyamata wina wa Fomu 4 anandinong'oneza: "Achimwene, zimenezi n'zachikale, ife tikuwerenga Shakespeare." Ndinangoti kukamwa yasa.

Mphwanga, tamvera. Zisudzo zimene azungu amanyadira zinayambira pa mwambo wopembedza. Ku Athens, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, anthu ankasonkhana pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, n'kumaimba ndi kuvina atavala zophimba kumaso. M'menemo ndi momwe munatuluka alembi ngati Sophocles ndi Euripides. Nkhani za Homer nazo zinkayenda pakamwa asanazilembe, ngati nthano za agogo pamoto.

Nanga ife tilibe? Mtsinje wa Diamphwe womwewu umachokera ku Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa. Makolo amati kumeneko munthu anapeka moto, tchire n'kupsa, nyama n'kuthawa, Chauta naye n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Ku Msinja kunali Makewana wopempha mvula, Tsang'oma akuimba ng'oma ya Mbiriwiri. Za kudambwe sindiulula, ndine mwana wolangidwa, koma pabwalo aliyense amaona kuti gule amaseka chidakwa, mlesi ngakhalenso wolamulira. Si chisudzo chimenecho?

Ena anaona kale. Malemu Steve Chimombo anatenga nkhani ya M'bona ndi Msinja n'kulemba sewero la The Rainmaker lomwe linasindikizidwa mu 1978. Jack Mapanje anabisala kumbuyo kwa bilimankhwe m'buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods, ngakhale kuti mu 1987 anamutsekerabe ku Mikuyu. UNESCO nayo inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005.

Chondiwawa n'chakuti mabuku awiriwa ali m'Chingerezi. Agogo a ku Nathenje, eni nkhani, sangawawerenge. Samuel Nthara anatilembera Mbiri ya Achewa m'chinenero chathu, koma omutsatira ndi angati? Pakali pano nkhalamba zikutha, ndipo mitengo ya ku Dzalanyama ikupita m'matumba a makala.

Ndiye mphwanga, Shakespeare umuwerenge ndithu, mayeso ukhoze. Koma pa holide ino gula kope ndi bolopeni, ukakhale pansi ndi agogo, ulembe zomwe akuuze mmene akuyankhuliramo. Ukazengereza, tsiku lina udzagula nkhani ya kwanu m'buku la mlendo, pa mtengo wa dola.

Tionana sabata ya mawa.