Chikhakha chatha miyezi itatu koma fupa silikugwirana

Mukakhala pa siteji ya pa Chitedze kapena pa msika wa Msundwe kwa kanthawi, kawirikawiri mumaona munthu akudutsa ndi ndodo ziwiri, mwendo uli m'chikhakha. Ambiri ndi anyamata, ndipo mukafunsa kuti chinachitika n'chiyani, nkhani yake imakhala ya njinga yamoto. Wina amayendetsa kabaza, wina anangokwera, wina anagundidwa akuwoloka msewu wa ku Mchinji.

Pa tsiku la ngozi munthu sasowa omuona. Abale amabwera, a kumpingo amabwera, Sobo ndi buledi zimadzaza pa kabati. Ine ndikufuna tikambe za mwezi wachitatu. Alendo anasiya kubwera, mwini njinga anaipereka kwa mnyamata wina, ngongole ya ku banki m'khonde ikudikira, ndiye ku chipatala ajambula X-ray n'kunena kuti fupa silinagwirane, chikhakha chikhalebe. Apa m'pamene anthu ambiri amataya mtima, ndipo m'pamenenso amalume amayamba kunong'ona kuti pamenepa pali dzanja la munthu.

Tisanafike kwa mfiti, tiyambe taona kalendala. Mwana wamng'ono akathyoka mkono, pakatha masabata atatu kapena anayi amakhala akufuna kukwera mumtengo wa mango. Wamkulu akathyoka pafupi ndi dzanja, chikhakha chimatha masabata pafupifupi 6. Koma fupa la msongolo la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu kapena inayi ngakhale zonse zikuyenda bwino, ndipo lina limafika miyezi 6. Madokotala amayamba kunena kuti fupa lakaniratu kugwirana pakatha miyezi 6 mpaka 9, makamaka ngati zithunzi za miyezi itatu yotsatizana sizikuonetsa kusintha kulikonse. Choncho msongolo umene sunalimbe pa mwezi wachitatu wachedwa chabe, ndipo nthawi yochitapo kanthu ikadalipo.

Amene munaonapo alangizi akumezanitsa mango mumvetsa msanga. Amatenga timitengo tiwiri, n'kutilumikiza, n'kumanga zolimba ndi pulasitiki. Timitengoto tikamagwedezeka sitigwirana, komanso madzi a mtengo akapanda kufika pamfundopo, kanthambi kamauma. Fupa limachitanso chimodzimodzi. Likathyoka, magazi amaundana pamalopo. M'masabata awiri kapena atatu, thupi limasandutsa magazi oundanawo kukhala kamnofu kolimbirako, kofanana ndi kamene mumakamva mukagwira khutu lanu. Kenako kashiamu amalowa m'kamnofuko, kamauma, n'kukhala mfundo yolimba imene ena amaimva akapapasa mwendo n'kuchita mantha. Mfundo imeneyo ndi nkhani yabwino. Thupi limaisalaza lokha pang'onopang'ono, mwina kwa chaka kapena kuposerapo.

Msongolo umavuta chifukwa cha mmene unapangidwira. Tagwirani kutsogolo kwa mwendo wanu, mupeza kuti pakati pa chala ndi fupa pali khungu lokha. Kumunsi, chakufupi ndi kakolo, mnofu ndi wochepa ndipo magazi ofika ku fupa ndi ochepanso. Njinga yamoto ikamenya pamenepo, nthawi zambiri khungu limang'ambika, fupa n'kuonekera, dothi la mumsewu n'kulowa. Fupa lotere limakhala layamba kale ndi ngongole.

Tsono nkhani imene anyamata safuna kuimva: fodya. Kuno kumadzulo kwa Lilongwe, ku Nsaru, ku Kabudula ndi midzi yozungulira, fodya si wosowa. Chingambwe chili m'chigafa kuseri kwa nyumba, ndipo munthu amene wakhala pa khonde tsiku lonse, anzake ali ku ntchito, amasuta kwambiri kuposa mmene ankasutira ali bwino. Nikotini amafinya timitsempha ta magazi, tomwe tija fupa likutidalira kuti tilifikitsire chakudya. Utsi nawo uli ndi mpweya woipa umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Pa zinthu zonse zochedwetsa fupa, kusuta ndi chimodzi mwa zimene kafukufuku wa m'mayiko ambiri amagwirizana: osuta amachedwa kupola, ndipo mafupa awo amakana kugwirana kawirikawiri kuposa a anthu osasuta. Fodya wa pamphuno kapena woika mkamwa alinso ndi nikotini, musati mwathawa. Ine ndimati ngati banja lili ndi mphamvu zomenyera nkhondo imodzi yokha, limenye imeneyi. Ndipo anzake obwera kudzacheza ndi ndudu m'thumba, ati kumuchotsa kusungulumwa, akhoza kukasutira kwawo.

Mowa ukubwera pambuyo pake. Kachasu wa tsiku ndi tsiku amafooketsa timaselo tomanga fupa, amachotsa chilakolako cha chakudya, komanso munthu woledzera woyendera ndodo m'matope a mwezi wa January sachedwa kugwa.

Nkhani ya kuponda ndi imene imasokoneza anthu, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi ngozi. Kupondera mwendo nthawi isanakwane kumathyola kamnofu kaja kasanaume. Koma kugona chigonere miyezi yonse osaponda n'komwe nakonso kumachedwetsa, poti fupa limalimba likamamva kulemera. Dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, analemba zimenezi mu 1892, ndipo mpaka lero madokotala a mafupa amazitsatira. N'chifukwa chake nthawi ina a chipatala amasintha chikhakha chachitali n'kuika chachifupi, n'kukuuzani kuti muyambe kuponda pang'onopang'ono. Woyenera kunena tsiku loyambira ndi amene waona X-ray yanu. Mnzanu amene anathyoka chaka chatha akhoza kukhala kuti anathyoka pena, mwa mtundu wina. Mukapita ku chipatala funsani mosapita m'mbali: "Adokotala, ndiponde kapena ndisaponde? Ndiponde ndi thupi lonse kapena pang'ono?" Musatuluke m'chipindamo musanamve yankho.

Chikhakha chenichenicho chimafuna ulemu. Chikanyowa ndi mvula chimafewa, ndipo chikhakha chofewa ndi chokongoletsera basi. Kutupa kukatha, mwendo umaonda, chikhakha n'kuyamba kukhwepa, fupa n'kumasewera mkatimo. Chimenecho n'chofunika kukasintha msanga, osadikira tsiku lolembedwa m'buku. Mkati mukamayabwa ngati mwakhudza chitedze chenicheni, musalowetsemo waya kapena kamtengo, chifukwa chilonda cha pansi pa chikhakha simuchiona mpaka chitanunkha. Ndipo pali aja amachidula okha ndi chikwanje mvula yoyamba ikagwa, ati munda sudikira. Zoona, munda sudikira. Koma kulemba waganyu nyengo imodzi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi mwendo wokhota umene mudzalime nawo zaka 40.

Pa chakudya pali zodabwitsa. Pa Chitedze pomwepa pali malo a kafukufuku wa zaulimi amene anakhazikitsidwa mu 1948, ndipo mbewu zambiri za mtedza ndi soya zimene alimi amadzala m'dziko muno zinayesedwa pamenepa. Mtedza wofiira uja wa CG7 unatulutsidwa mu 1990. Koma m'midzi yoyandikana ndi malowa, mtedza ndi soya zimapita zonse kwa mavenda nthawi yokolola, ndipo wodwala wothyoka mwendo amangodya nsima ya ufa woyera ndi masamba ofutsa. Kamnofu kaja kamamangidwa ndi zakudya zomanga thupi. Sungani chidebe chimodzi cha soya, mukazinge, mukagayitse pamodzi ndi mgaiwa, wodwala azimwa phala lake m'mawa. Ndi maganizo omwewo a Likuni Phala, ndipo si la ana okha. Nsinjiro zilowe mu nkhwani ndi bonongwe. Nyemba, nandolo, dzira limodzi pa tsiku ngati nkhuku zikuikira, zonsezo n'zomangira.

Kashiamu wotsika mtengo ali mu usipa, bonya ndi matemba, chifukwa timadya ndi minga yomwe. Mkaka ndi chambiko zilinso naye wambiri. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu pafupifupi 1,000 pa tsiku, ndipo kupitirira pamenepo sikufulumizitsa fupa, ngati mmene kuthira matumba awiri a feteleza pa mzere umodzi sikukhwimitsa chimanga mu February. Vitamini C, amene thupi limamufuna popanga kamnofu kaja, ali m'magwafa, malambe, mango, mandimu ndi tomato. Vitamini D amapangidwa pakhungu ndi dzuwa, tsono mutulutseniko wodwalayo m'chipinda chamdima aothere dzuwa la m'mawa. Nanga msuzi wa mafupa a ng'ombe umene azakhali amalimbikira? Ndi wokoma, amwe ndithu, koma kashiamu amene amasungunukira m'madzimo ndi wochepa kwambiri. Ndalama ya mafupawo ikanagula mulu wa usipa, fupa likanapindula kwambiri.

Pali zina zimene phala silingakonze. Fupa limene lalowa tizilombo limavuta kugwirana mpaka tizilomboto titachotsedwa. Chilonda chotuluka mafinya, fungo lochokera m'chikhakha, kutentha thupi, ululu umene ukukula m'malo mochepa, kabowo kamene kamatseka n'kutsegukanso: chilichonse mwa izi n'chopita nacho ku chipatala sabata yomweyo. Apa ndinenepo za mphini. Sindikufuna kukangana ndi agogo pa zimene amakhulupirira, koma kutema khungu pamwamba pa fupa lothyoka n'kupakapo phulusa kapena mizu ndi kutsegulira tizilombo chitseko, ndipo ngati mkati muli chitsulo ndiye zinthu zimaipa kawiri. Mapemphero achitike, abale alimbikitse, koma lezala lisayandikire mwendowo.

Matenda a shuga osasamalidwa amachedwetsanso fupa, ndipo anthu ambiri ali nawo osadziwa. Kuyezetsa ndi kadontho kamodzi ka magazi a pa chala. Kuchepa kwa magazi nakonso n'kofunika kuyezetsa. Amene muli pa ma ARV pitirizani kumwa mosadumphitsa, ndipo muwauze a mafupa mankhwala onse amene mukumwa. Opha ululu ogula pa golosale, monga Brufen ndi diclofenac, madokotala ambiri a mafupa amawapewa kwa munthu amene fupa lake likuchedwa, makamaka akamamwa masabata ambiri, komanso amawononga m'mimba ndi impso. Panado alibe vuto limenelo mukamamwa pa mlingo wake. Mapilitsi a prednisolone amene ena amamwa okha chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi amafooketsa mafupa. Musawasiye mwadzidzidzi, koma adokotala adziwe.

Poti nonse muli ndi mafoni, ndikudziwa kuti usiku mumafufuza pa intaneti, ndipo mwakumana ndi timakina totumiza mafunde pa fupa ndi mabotolo a mapilitsi amene anthu amatsatsa pa Facebook ndi WhatsApp. Mu 2016 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku wa ku America ndi Canada pa anthu 501 othyoka msongolo amene anaikidwa chitsulo. Ena anapatsidwa kamakina koona, ena kabodza kongofanana nako, ndipo magulu awiriwa anapola mofanana. Ngati kamakina ka ndalama zambiri choncho sikanasinthe kanthu, botolo la mnzanu wa pa gulu la WhatsApp muliganizire kawiri. Ndalamayo isungireni thiransipoti.

Thiransipoti ndi yofunika chifukwa mafupa ena sagwirana ngakhale mutachita zonse bwino. Mwina zidutswa zatalikirana, mwina mnofu unalowa pakati, mwina kachidutswa kena kanafa. Limenelo ndi vuto la opaleshoni, ndipo m'Malawi muno imachitika. Madokotala amatsuka pothyokapo, amalowetsa chitsulo m'kati mwa fupa kapena kulimanga ndi zitsulo za kunja, ndipo nthawi zina amatenga tizidutswa ta fupa la m'chiuno mwa wodwala yemweyo n'kuika pa mpatapo kuti tiyambitsenso ntchito yomanga. Kuyambira 1985, pamene Dr Ed Blair anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a mafupa ku Blantyre, anthu amenewa ndi amene akhala akusamalira ambiri othyoka m'zipatala za m'maboma, ndipo amadziwa nthawi yotumiza munthu kwa madokotala aakulu. Kwa ife a kuno, njira imayambira pa chipatala chaching'ono cha pafupi, kapena ku St Gabriel ku Namitete, n'kukafika ku Kamuzu Central. Pambali pa Kamuzu Central pali chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, chimene chinatsegulidwa mu 2023. Kuchokera pa Chitedze kukafika m'tauni ndi makilomita osakwana 20. Wa ku Nambuma kapena ku Kabudula ulendo wake ndi wautali, ndipo dzinja umakhala wowawa, tsono abale agawane mtengo wa maulendowo mwezi usanafike, osamusiyira mkazi wake yekha.

Pa ulendo uliwonse tengani buku la kuchipatala ndi zithunzi zonse zakale. Ngati X-ray akuionetsa pa kompyuta, pemphani kuti muijambule ndi foni yanu, ndipo mulembe deti lake. Amene mudzamupeze mwezi wamawa mwina sadzakhala yemwe munamuona lero, ndipo chithunzi chimodzi sichimuuza zambiri. Akaika cha October pambali pa cha December m'pamene amaona ngati mfundo ija ikukula kapena yaima, n'kudziwa ngati mudikirebe mwezi wina kapena akulembereni kalata yopita ku Lilongwe.