Nthaka Yathu Siyofanana

Ngakhale dziko lathu lino n'laling'ono, Chauta sadaliyale ndi dothi la mtundu umodzi ayi. Pakuti katondo wofiira wa ku Lilongwe, amene chimanga ndi mtedza zimakondwera naye, asiyana kutalitali ndi makande akuda a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, amene amang'aluka m'chilimwe, nanata ngati ulimbo mvula ikagwa, koma thonje naliberekera mlimi mosaumira. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene mvula yochuluka idatsuka dothi nilisanduka la asidi, tiyi ndiye mwini malo. Mchenga wa ku Kasungu udatchuka ndi fodya.

Nanga tsono n'chifukwa ninji, chiyambire 2005 pamene boma lidayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo, mlimi wa kumtunda ndi mnzake wa kuchigwa akhala akusenza matumba ofanana, la NPK ndi la yuleya, osayamba afunsa chimene munda uliwonse ukusowa? Ine ndinena mosapsatira kuti kutero n'kumwaza chuma cha amphawi. Safunsa adadya phula. Ndipo akatswiri oyeza dothi tili nawo ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, amene nzeru zawo zikadayenera kufika kwa mlangizi aliyense wa kumudzi, kufikira pa dimba la mayi wolima mpiru kudambo.

Munda umene wamera kaufiti ukudandaula kuti watopa, ndipo chimene ukupempha si yuleya yekha, koma manyowa, nandolo, ndi msangu, mtengo uja umene umayoyola masamba m'dzinja, nupatsa chimanga dzuwa ndi chonde pa nthawi imodzi.