PAKHOMO PATHU: Foni Ikalowa mu Wailesi ya Kanema

Mwezi watha tinali pa msonkhano wa banja wokonzekera ukwati wa mwana wa mlongo wathu. Nkhani za copereka zitatha, mnyamata wina anaimirira nati: "Ambuya, lero muwaona bwino adzukulu anu a ku Kitwe." Ambuyawo maso anayamba kale kufooka, ndipo zithunzi za pa foni amangoziyang'ana mwaulemu, osazindikira nkhope. Mnyamatayo anadina apa ndi apo, ndipo posakhalitsa zithunzi zija zinaonekera pa wailesi ya kanema, zazikulu ngati zenera. Ambuya anaomba m'manja nayamba kuchula ana aja maina, mmodzi-mmodzi.

Koma cakudza siciimba ng'oma. Tili mkati mosangalala, pamwamba pa cithunzi panatulukira uthenga wocokera kwa m'bale wina amene sanabwere ku msonkhanowo. Anali kudandaula za ndalama zimene anamuikira, ndipo anachula dzina la munthu amene tinali naye m'cipindamo. Onse odziwa kuwerenga anawerenga. Wailesi inazimitsidwa msanga, koma mau anali atafika kale m'mitima. Kufikira lero akulu akali kuyanjanitsa anthu awiriwo.

Mnyamata uja analibe mtima woipa. Cimene sanadziwe ndi cakuti pali njira ziwiri zoonetsera za m'foni pa wailesi ya kanema, ndipo iye anasankha imene siisunga cinsinsi.

Njira yoyamba tingaiche ya kalilole. Ciliconse cimene cili pa nkhope ya foni cioneka cimodzimodzi pa wailesi. Mafoni ambiri a Android amacita zimenezi ndi luso lochedwa Miracast, limene bungwe la Wi-Fi Alliance linakhazikitsa mu 2012. Pa mafoni a Samsung tilipeza pa dzina lakuti Smart View, pamene a iPhone ali ndi lao, AirPlay, limene kampani ya Apple inatulutsa mu 2010. Ubwino wa Miracast ndi wakuti foni ndi wailesi zimalumikizana zokha popanda intaneti, motero zithunzi zimene zili kale m'foni tingazionetse osaononga mabandulo. Ena amagwiritsa nchito nthambo yocokera pa kabowo ka USB-C kupita pa kabowo ka HDMI kuseri kwa wailesi. Apa ticenjere tisanagule nthamboyo, pakuti si foni iliyonse ya USB-C imene imatulutsa cithunzi. Mafoni ambiri otsika mtengo amangolandira moto pa kabowoko. Safunsa anadya phula: tiyese nthambo pa foni yathu tikali m'sitolo.

Koma kalilole sasankha. Amaonetsa cithunzi ca mwana, amaonetsanso uthenga wa pa WhatsApp, dzina la amene akuimba foni, ndi cidziwitso ca ndalama zimene zangolowa kumene. Ici ndico cinatigwera ife.

Njira yaciwiri ndi yakuti pulogalamu imodzi yokha itumize za mkati mwake ku wailesi, zina zonse zikhale m'manja mwa mwini foni. Amene amaonera YouTube adziwa kacizindikiro kooneka ngati kawailesi kakang'ono kokhala ndi timizere tokhota pa ngodya. Tikakadina, foni imangouza wailesi kumene kanemayo ali, ndipo wailesi imakamutenga yokha pa intaneti. Foni imasanduka rimoti: tingaimitse kanema, tingakweze mau, tingayankhe uthenga, osaonekera kanthu kwa alendo. Njirayi inafala ndi kacipangizo ka Chromecast kamene kampani ya Google inatulutsa mu 2013. Google inaleka kukapanga mu 2024, koma lusolo likalipo mkati mwa mawailesi ambiri atsopano pa dzina la Google Cast.

Opanga mapulogalamu anapatsidwa mphamvu imeneyi kale. Kuyambira pa Android 4.2, ya mu 2012, pulogalamu ingathe kuonetsa cinthu cimodzi pa wailesi kapena pa khoma, ndi cina pa foni. Ndiye cifukwa cake mphunzitsi kapena msungi cuma wa gulu angaonetse anthu tsamba la malipoti, iye akuwerenga pa foni timau tomukumbutsa timene enawo satiwona. Mafoni ena apamwamba a Samsung ali ndi DeX, ya mu 2017, imene imasandutsa wailesi kukhala ngati kompyuta, foni nikhalabe payokha.

Njira yaciwiriyi nayo ili ndi mtengo wake. Kawirikawiri imafuna kuti foni ndi wailesi zikhale pa Wi-Fi imodzi, ndipo wailesi yaikulu imakoka cithunzi coyera bwino, cimene cimadya mabandulo ambiri. Kampani ya Netflix imanena kuti ola limodzi la cithunzi wamba lingathe 1 GB, ndipo la cithunzi ca HD lingafike 3 GB. Banja limene ligula intaneti pang'ono-pang'ono liyenera kutsitsa kuyera kwa cithunzi kanema asanayambe. Tisadabwenso ngati pulogalamu ya mafilimu olipira ionetsa mdima wokha-wokha pa njira ya kalilole. Wailesi sinaonongeke ai. Eni mafilimu anachinga dala kuti anthu asawakope.

Tsono ticite ciani kuti cimwemwe cisasanduke manyazi? Coyamba, tisanalumikize tidzifunse kuti: kodi wailesi ionetsa foni yonse, kapena pulogalamu imodzi? Kuyesa kwake nkosavuta. Tibwerere pa tsamba loyamba la foni. Ngati nalonso laonekera pa wailesi, tili pa kalilole. Caciwiri, ngati kalilole ndiye njira yokha imene tili nayo, tiyatse Do Not Disturb kuti mauthenga asatulukire pamwamba, ndipo timupemphe wina atitumizire uthenga woyesera alendo asanafike. Mafoni a Android 15, ya mu 2024, amapatsanso mwai wosankha kuonetsa pulogalamu imodzi m'malo mwa foni yonse. Cacitatu, tisatsegule za ku banki kapena za ndalama za pa foni wailesi ili yolumikizidwa, pakuti nambala yacinsinsi imene tilemba ingaonekere kwa onse. Cacinai, zithunzi zofuna kuonetsa tizisonkhanitse pamodzi pasadakhale, kuti tisamafufuze m'nkhokwe yonse pamaso pa apongozi. Cacisanu, tikamaliza tidule kulumikizanako pa foni penipeni. Munthu angatuluke panja kukayankha uthenga, osadziwa kuti m'nyumba akali kumuwerenga.

Palinso ulemu umene makina sangatiphunzitse. Cithunzi cimene m'bale anatitumizira ife tokha si ca msonkhano, tiyambe tamupempha. Ndipo ngati mwangozi uthenga wa mnzathu waonekera pa wailesi, ticite monga ticitira tikapeza citseko ca cipinda ca eni cili cotsegula: tiyang'ane kumbali, ndipo tisakazinene kwina.

Sitikunena kuti tileke. Masiku ano m'nyumba zambiri aliyense amawerama pa foni yake, atate pa yao, amai pa yao, ana pa zao, m'nyumba muli zii. Kuika foni pa wailesi kumatibweza pa mphasa imodzi, monga kale pamene mudzi wonse unali kusonkhana pa wailesi ya kanema ya munthu mmodzi. Makolo amaona zimene ana aonera, okalamba amaona nkhope za adzukulu okhala kutali, ndipo pamakhala cokambirana.

Sabata yatha tinabwerera kwa ambuya aja. Mnyamatayo anali atasankha zithunzi 30, mauthenga atawatseka. Ambuya anafika pa cithunzi ca kamdzukulu kobadwa caka cino nati: "Imitsa pamenepo, mwanangu, ndiyambe ndamuona bwino." Tinaimitsa, ndipo palibe cina cimene cinatulukira pamwamba pake.