Bokosi la zida za kalipentala lisagawidwe ngati zovala za malemu

Magetsi akathima ku Chimwankhunda, makina opalira matabwa amangoti zii. Koma m'misasa ya akalipentala achikulire ntchito imapitirira: puleni ili m'manja, sowo ikulira, utuchi uli mbwee pansi. Zida zambiri zimene zimapulumutsa tsiku lotere n'zakale kuposa amene akuzigwira. Anazisiya ndi bambo, amalume kapena agogo.

Luso limeneli lili ndi mizu yakuya mu Blantyre. Mishoni ya Church of Scotland itakhazikika mu 1876, ukalipentala unali m'gulu la ntchito zamanja zimene anyamata ankaphunzira, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu a kuno, motsogozedwa ndi David Clement Scott. Pambuyo pake ena anabwera ndi zida pochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Puleni zachitsulo za Stanley kapena Record za nthawi imeneyo zikudyabe mlombwa ndi mbawa mpaka lero, bola mpeni wake uzinoledwa bwino.

Chomvetsa chisoni chimachitika mwini bokosi akatisiya. Maliro akangotha, achibale amakhala pansi n'kuyamba kugawana: uyu hamala, uyo tchizulo, wina sikweya. Ambiri mwa iwo sanapalepo thabwa chibadwire, ndiye pakapita mwezi zidazo zili pamsika wa Limbe, zagulitsidwa pamtengo wozizira. Mwana amene ankagwirizira matabwa pabenchi kuyambira ali wamng'ono amatsala manja lende, n'kuyamba kubwereka zida kwa anzake kapena kusiya ntchitoyo.

Kumeneku n'kupha ntchito imene ikanadyetsa banja lonse. Tchizulo payokha sipanga chitseko. Chimene chili ndi phindu ndi bokosi lathunthu lili m'manja mwa munthu wodziwa kunola sowo dzino ndi dzino, wodziwa mbali imene thabwa la paini wa ku Chikangawa limalola kupalidwa.

TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndi makoleji monga Soche Technical College akuphunzitsa achinyamata ukalipentala, atsikana omwe. Komabe satifiketi sipala thabwa, ndipo wongomaliza kumene maphunziro sangakwanitse kugula zida zabwino zonse nthawi imodzi.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalola munthu kulemba wilu, komanso limaletsa kulanda katundu wa malemu. Akalipentala a ku Chimwankhunda, Zingwangwa ndi Chilobwe asadikire matenda. Alembe momveka bwino amene adzatenge bokosilo, kaya ndi mwana wamwamuna, wamkazi kapena mwana wa mlongo wawo, ndipo auze akubanja pamaso pa mboni akadali ndi mphamvu zogwira puleni.