Bere ndi la Mwana, Komanso ndi la Mayi

Kuchokera tsiku limene mayi wazindikira kuti waima kufikira tsiku limene mwana wake waleka kuyamwa, pamadutsa zaka pafupifupi zitatu. M'zaka zimenezi mayi amapita kuchipatala kawirikawiri kuposa nthawi ina iliyonse ya moyo wake: kusikelo ya amayi oyembekezera, kukachira, kusikelo ya ana, ndi kukatenga njira yolerera. M'zaka zomwezi mawere ake amasintha kwambiri, ndipo amaonedwa ndi anamwino, apongozi ndi anansi. Komabe funso limene onsewa amamufunsa limakhala limodzi: "Kodi mkaka ukutuluka?" Akavomera, nkhani ya bere yathera pomwepo. Mwezi uno tikambirane za mwini bereyo, pakuti mwana woyamwa bwino amafunanso mayi amene adzakhalepo pomulera.

Njira imene tinalambula kale

Tiyambe ndi kuyamikira. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti ku Malawi, pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2004 chiwerengerochi chinali 984, mu 2010 chinatsika kufika pa 675, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439. Kafukufuku womalizayu anaonetsanso kuti ana 91 pa 100 alionse anabadwira kuchipatala, pamene mu 1992 anali 55 okha. Amayi 439 ndi ambiribe, popeza aliyense wa iwo anasiya ana, munda ndi banja, koma kusinthaku palibe angakukane.

Izi zinatheka chifukwa midzi inagwirana manja ndi zipatala. Ku Ntcheu, Inkosi Kwataine inatchuka poika amayi achinsinsi m'midzi, amene mayi woyembekezera ankawauza za pakati pake mwakachetechete, iwo n'kumulondolera kusikelo. Pa zipatala zambiri panamangidwa zidikiro. Ku Zambia magulu a m'midzi olimbikitsa uchembere wabwino akhala akuperekeza amayi kuchipatala matenda akayamba. Mu 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka mankhwala a ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV. Ndipo kuyambira 2016, Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, WHO, limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo maulendo 8 asanachire, ulendo woyamba pakati pasanapitirire masabata 12.

Choncho njira yochokera kumudzi kupita kuchipatala ilipo kale, ndipo amayi akuidziwa. Chatsala n'chakuti nkhani ya mawere nayo iyende m'njira yomweyo.

Zimene bere limachita mwachibadwa

Mayi akaima, mawere amakula, amalemera, ndipo nthawi zina amapweteka. Khungu lozungulira nkhumbu limada kwambiri, mitsempha n'kumaonekera. Pakati pakafika miyezi inayi kapena isanu, bere limayamba kupanga mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wolimbirako. Mkaka umenewu umateteza khanda ku matenda ambiri. Usafinyidwe n'kutayidwa ngati litsiro. Mwana aikidwe kubere ola limodzi lisanathe atangobadwa.

Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi mayi atachira, mawere onse awiri amadzaza, kulimba ndi kutentha. Mankhwala ake ndi kuyamwitsa pafupipafupi, usana ndi usiku, ndi kuonetsetsa kuti mwana wagwira bwino bere: atayasamula kwambiri, chibwano chitakhudza bere, ndipo mbali yaikulu ya khungu lakuda lija ili m'kamwa mwake. Mwana akamangoyamwa kunsonga, nkhumbu imang'ambika, mayi amaopa kuyamwitsa, ndipo mkaka umaunjikana.

Mkaka ukaunjikana malo amodzi pamabwera kachotupa kopweteka, kamene kamachepa mwana akayamwa ndipo kamatha pa masiku awiri kapena atatu. Nthawi zina mbali imodzi ya bere imatupa n'kutentha, mayi n'kumamva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi ngati wadwala malungo. Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuonekera msanga. Malowo amangonyezimira ndi kupweteka. Zikatere mayi apumule, amwe madzi ambiri, apitirize kuyamwitsa, ndipo ngati tsiku limodzi latha popanda kusintha, apite kuchipatala. Mkaka wa bere lotupa si poizoni ayi. Kuleka kuyamwitsa mwadzidzidzi ndiko kumakulitsa vutolo mpaka kusanduka chithupsa chofunika kutumbula. Mayi amene ali ndi HIV asadikire n'komwe, chifukwa zilonda ndi kutupa kwa bere zimaonjezera mpata wakuti mwana atenge kachilombo. Anamwino adzamulangiza mmene angadyetsere mwanayo pamene bere likupola.

Pamene mawu akuti "ndi mkaka" amasocheretsa

Mavuto onsewa amachira. Koma chifukwa ndi ofala, amaphimba vuto lina losowa koma lalikulu, ndilo khansa ya m'mawere. Nkhani yake imayenda chonchi m'midzi yambiri. Mayi amamva kanthu kolimba m'bere ali ndi pakati. Akafunsa achemwali kapena apongozi, amamuuza kuti ndi mkaka ukubwera. Akachira amamuuza kuti ndi mkaka waundana. Popeza kanthuko sikapweteka, ndipo kumunda kukudikira kupalira, amakasiya. Mwana akaleka kuyamwa, chotupa chija chakula, kukhwapa kwatupa. Apa m'pamene amayamba kuyenda kwa asing'anga, kutemera mphini ndi kumata mankhwala. Pofika kuchipatala chachikulu papita chaka kapena ziwiri, ndipo madokotala atsala ndi zochepa zoti achite.

WHO inanena kuti m'chaka cha 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere pa dziko lonse, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera, amayi oposa 90 pa 100 alionse amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu chipezekere ndi matendawa. Ku South Africa ndi 40 okha. Kafukufuku wina amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020 anatsatira amayi oposa 2,000 a ku Zambia, Namibia, South Africa, Uganda ndi Nigeria, ndipo anapeza kuti patatha zaka zitatu theka la amayiwo linali litamwalira. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kufika mochedwa kuchipatala.

Zotupa zambiri za m'bere si khansa, makamaka kwa amayi achitsikana. Koma palibe dzanja la mlangizi, la mzamba kapena la apongozi limene lingasiyanitse. Lamulo loti tilisunge ndi ili: chotupa chilichonse chimene chakhala masabata awiri osatha, kaya mayi ali ndi pakati, kaya akuyamwitsa, kaya chikupweteka kapena ayi, chikaonedwe kuchipatala. Bere lotupa limene silikusintha mayi atamaliza mankhwala amene anapatsidwa, nalonso libwerere kuchipatala.

Kuyamwitsa kumathandiza mayi yemwe. Mu 2002 magazini ya zachipatala ya Lancet inasindikiza zotsatira za akafukufuku 47 a m'maiko 30, zoonetsa kuti miyezi 12 iliyonse imene mayi wayamwitsa imachepetsa chiopsezo cha khansayi ndi magawo pafupifupi 4 pa 100. Ichi ndi chifukwa china cholimbikitsira kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 ndi kupitiriza mpaka zaka ziwiri. Komabe kuchepetsa chiopsezo sikutanthauza kuchichotsa. Ntchembere ya ana asanu ndi awiri ikhoza kudwala khansayi, ndipo ngakhale abambo ena, ochepa ndithu, amaidwala.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Chifikireni mbozi za ntchemberezandonda m'minda yathu cha m'ma 2016 ndi 2017, mlimi aliyense anaphunzira kuyendera chimanga chake m'mamawa ndi kusuzumira kunsonga, osadikira kuti masamba athe kubooka. Chizolowezi chomwecho chikufunika pa thupi. Mayi amene amalidziwa bere lake ndiye amayamba kuona kusintha.

Kamodzi pa mwezi, patapita masiku angapo atamaliza kusamba kwa kumwezi, mayi aime pamalo owala, ayang'ane mawere ake manja ali pansi, kenako atakweza manja m'mwamba. Akatero agone chagada, aike dzanja limodzi kunkhongo, ndipo ndi zala zitatu zapakati za dzanja linalo asisite bere lonse mozungulira, modinikiza pang'ono, mpaka kukhwapa ndi m'munsi mwa khosi. Ena amaona chapafupi kuchita izi kubafa thupi lili ndi sopo. Mayi woyamwitsa adziyeze mwana atangomaliza kuyamwa, bere litafewa. Woyembekezera ndi amene anasiya kusamba asankhe tsiku limodzi pa mwezi losavuta kukumbukira, monga tsiku la sikelo kapena la msonkhano wa banki m'khonde.

Zofunika kuzisamala ndi izi: chotupa cholimba m'bere kapena kukhwapa, khungu lolowa m'kati kapena lokhala ndi timaenje ngati khungu la lalanje, nkhumbu imene yayamba kulowa m'kati pamene kale sinali choncho, magazi otuluka kunkhumbu, chilonda chosapola, ndi bere limodzi losintha kukula kapena maonekedwe mosiyana ndi linzake.

Zimene zimachitika kuchipatala

Amayi ambiri amaopa kuti akangofika, bere lidulidwa tsiku lomwelo. Sizili choncho. Wachipatala amayamba wafunsa ndi kuligwira bere. Akakayikira amatumiza mayi kuchipatala cha boma kapena chachikulu, kumene amaunika ndi makina ofanana ndi aja ounikira mwana m'mimba, amene saononga mwana wosabadwa. Kenako amatengako kachidutswa kakang'ono ka chotupacho ndi singano n'kukakayeza. Kuyeza kumeneku ndiko kumanena ngati ili khansa, ndipo sikufalitsa matenda monga ena amanenera. Mu 2021 WHO inakhazikitsa ndondomeko yakuti zonsezi zizitha pasanadutse masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala. Alangizi aidziwe nambala imeneyi, kuti pamene mayi akungobwezedwa, athe kumufunsira.

Ngati ili khansa, thandizo lake ndi opaleshoni, mankhwala a m'diripi, mapiritsi, ndi kuotcha ndi makina, malinga ndi mtundu wake ndi pamene yafika. Ikapezeka ikadali yaing'ono, ambiri amachira n'kulera ana awo. Ngakhale mayi woyembekezera amathandizidwa: opaleshoni imatheka, ndipo mankhwala ena amaperekedwa miyezi itatu yoyamba ya pakati ikadutsa. Ku Malawi thandizoli limapezeka m'zipatala zazikulu monga cha Kamuzu ku Lilongwe ndi cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ku Zambia kuli chipatala cha khansa ku Lusaka chimene chinatsegulidwa mu 2007. Khomo lolowera konseku ndi chipatala chaching'ono chapafupi ndi kwanu.

Mbali yathu

Inu alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu a amayi, onjezerani funso limodzi pa mafunso amene mumafunsa kale. Mukafunsa za mkaka, funsaninso kuti, "Mayi, kodi m'bere mwanu mwamvamo chachilendo?" Funsani pambali, osati pagulu. WHO imalangiza kuti mayi aonedwe kanayi atachira: tsiku loyamba, tsiku lachitatu, pakati pa masiku 7 ndi 14, ndi pa sabata la 6. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti ku Malawi amayi 42 okha pa 100 ndiwo anapimidwa m'masiku awiri oyamba atachira. Tikamayendera khanda m'chikuta, tipimenso mayi ake. Mukapeza chokayikitsa, chilembedwe m'buku lake la kuchipatala pamodzi ndi tsiku, ndipo mubwerereko patatha sabata kukafunsa ngati anapita.

Inu azamba ndi anankungwi, amayi amakuuzani zimene sauza munthu wina aliyense. Mawu anu akuti "pita kuchipatala" amamveka kuposa athu. Thandizani kuthetsa mphekesera zakuti khansayi imabwera chifukwa cholodzedwa kapena chosunga ndalama pachifuwa. Khansa si chilango ndiponso siipatsirana.

Inu abambo, mayi ambiri amabisa chotupa poopa kusiyidwa ukwati akadzachotsedwa bere. Mantha amenewa amene angawathetse ndinu. Muuzeni mayi wa kunyumba kwanu, asanadwale n'komwe, kuti mukufuna moyo wake. Nkhanga zinapangana kusanapse: pamene mukupatula ndalama za fetereza mutagulitsa mtedza, soya kapena fodya, patulaninso ya ulendo wa kuchipatala, chifukwa kuyeza kumafuna maulendo angapo. Magulu a banki m'khonde alole kuti thumba la zadzidzidzi lithandize mayi wotumizidwa kuchipatala chachikulu, ndipo anansi agawane ntchito yosamala ana ndi munda wake iye akachoka.

Inu mafumu, munaonetsa kale kuti mudzi ukagwirizana, amayi amasiya kuchirira m'nyumba. Mwezi wa October umakumbukiridwa pa dziko lonse ngati mwezi wodziwitsa anthu za khansa ya m'mawere, ndipo kwathu kuno umagwa mvula isanayambe, misewu ikadali yabwino. Itanani namwino wa chipatala chapafupi adzalankhule pabwalo, ndipo mupatule nyumba imodzi yoti amayi ofuna kupimidwa alowemo mmodzimmodzi. Amene apezeke ndi chotupa tsiku limenelo, mudzi umuthandize kufika kuchipatala mitsinje isanadzaze.